Ana Amene Komputadoro Sinawaitane

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mumandiseka kuti agogo amawerenga mazira kawiri ngakhale nkhuku ili yawo yomwe, za ubwana wanga ndi za ukwati wanga munazimva kale mpaka zinakukwanani. Pano ndikulemba za ntchito. Ndikulemba ndekha ndi kaneta, cholembera cha inki, chifukwa ndikauza mmodzi wa inu kuti andilembere, adzaikamo zake.

Kumishoni, nkhondo itangotha

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa kachipatala ka masisitere kufupi ndi Fonte Boa, anthu akubwerera kuchokera ku Dedza ndi mitolo pamutu. Ine ndinali nditabwerako chaka cham'mbuyo, Rozina ali kumsana, ndipo ndinali nditaphunzira kale kuti munthu amene wakuuza kuti "musadandaule, ndakusungirani" ndi yemweyo wadya mbuzi zako. Irima Benedita, sisitere wamfupi wa ku Zambeziya amene ankayang'anira kachipatalako, anandilemba ntchito chifukwa cha dzanja langa. Anandipatsa mabokosi atatu a matabwa odzaza mafisha, timapepala tolimba tija tolembapo mwana aliyense wobwera kusikelo. Mafisha akatha, ndipo ankatha kawirikawiri, tinkadula makatoni a mankhwala n'kujambula mizere ndi lula.

Lamulo lawo loyamba linali lalifupi. "Mwana mmodzi, fisha imodzi, Nambewe. Ukalemba ziwiri, wabereka mwana amene amake sakumudziwa."

Lamulo lachiwiri ndinaliphunzira ndi manyazi. Kwathu kuno mayi akachira amakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa, ndipo mwanayo sakhala ndi dzina mpaka atatuluka. M'chikutamo mulibe amene amayang'ana kalendala. Akabwera naye kusikelo patapita miyezi iwiri kapena itatu, ukafunsa kuti anabadwa liti, amakuyankha kuti, "Pokumba kachewere wa kudimba," kapena, "Sabata imene mphepo inasasula tchalitchi." Sabata yanga yoyamba ndinaona kuti malo a tsiku lobadwa sangakhale choncho, ndipo ndinalembapo tsiku lochokera m'mutu mwanga. Irima anaitenga fishayo n'kuiyandikiza kumaso.

"Unalipo pobadwa mwanayu?"

"Ayi, Irima."

"Anakuuza ndi mngelo?"

"Ayi."

"Ndiye fufuta. Lemba zimene wanena mayi, ndi lapizi yofufutika, m'munsimu."

Kuyambira pamenepo mafisha anga anali ndi kachewere, nyemba, ngumbi ndi maliro m'munsi mwake. Namwino aliyense wa kuno ankawerenga mawuwo, kuwerengera miyezi pa zala, n'kudziwa ngati mwana wafika pobayitsa katemera. Ndinakhala ndi Irima zaka zisanu ndi zinayi. Sanandiyamikepo ndi pakamwa, koma tsiku limene ndinkachoka anandipatsa lula yawo yachitsulo, imene sankabwereketsa ngakhale kwa abambo mfumu.

Ku posito, ndi masabata atatu a ku Tete

Boma litanditenga, ananditumiza ku posito ina, kachipatala ka kumudzi, kuseri kwa Lifidzi. Dzina lake sinditchula. Kumeneko ndinapeza a Kalisto, namwino wamkulu, ndiwo anali shefi wathu. Anali mng'ono kwa ine ndi zaka zingapo, munthu wamtali, woseka ndi thupi lonse, wokhulupirira aliyense. Munthu akati njinga yanu ndikabweza mawa, iwo ankapereka ndi pampu yomwe. Ataona kuti ndimakhoma dirowa ngakhale ndikungopita kuseri kukataya madzi, anandipatsa dzina loti Dona Seguransa, ndiye kuti Mayi Chitetezo, ndipo linandikakamira mpaka ndinapuma. Banja lawo linali ku Ulongwe chifukwa cha sukulu ya ana, ndiponso akazi awo, Dona Filomena, ankadwala mtima ndipo ankafunika kukhala pafupi ndi chipatala chachikulu. Loweruka lililonse a Kalisto ankapalasa njinga kupita kumeneko, Lolemba m'mamawa n'kubwerera. Anali atapempha kale kuti awasamutsire ku Ulongwe, ndipo ankadikira.

Makomputadoro atayamba kufika m'maposito, ananditumiza ku Tete kukaphunzira. Inu mukudziwa kuti munthu wa kumapiri kuno akafika ku Tete amasungunuka ndi kutentha. Ndinakhala masabata atatu ndi nsalu yonyowa pakhosi. Amene ankatiphunzitsa anali a pulofesoro Amadeu, kamunthu koonda ka ku Beira, kokonda choko ngakhale makina ali ndondondo patsogolo pathu. Tsiku loyamba anatiletsa kuwayatsa.

"Musanawakhudze, mumve kaye malamulo amene anayenera kutsatira."

Ine ndinakweza dzanja. "Mwati anayenera, a pulofesoro?"

"Mwamva bwino, Dona. Khalani kutsogolo kuno."

Anatiuza kuti kalekale kunja kunali munthu wa masamu amene anaganiza bwinobwino za kasungidwe ka zolemba. Iye anati zonse zisungidwe m'matabela, ndipo tabela ili ngati bokosi la mafisha. Mzere uliwonse ndi chinthu chimodzi choona: mwana wakuti, wa mayi wakuti, anabadwa tsiku lakuti. Chinthu choona sichiwonjezera kuona ukachinena kawiri, choncho mizere iwiri yofanana isapezeke. Mzere uliwonse ukhale ndi shavi yake, ndiye kuti nambala imene wina aliyense alibe. Ndipo chinthu chimodzi chilembedwe malo amodzi: mudzi wa mayi ukhale pa tabela ya amayi, osaubwereza pa mwana aliyense, kuopa kuti mayiyo akasamuka mungakonze pena n'kuiwala pena. Ine ndinatsala pang'ono kuseka. Anali malamulo a Irima Benedita, kungoti awaveka tayi.

"Tsono makina amene makampani amagulitsawa," anatero a pulofesoro, "malamulowa amawadziwa. Koma amawatsata ngati mmene woyendetsa minibasi ya shapa amatsatira chiwerengero. Pachitseko palembedwa anthu khumi ndi asanu, mkatimo muli makumi awiri ndi mbuzi. Mwini galimoto akaimirira n'kunena kuti apa ayi, makinawo amakanadi. Akapanda kunena, amalandira chilichonse: mzere womwewo kawiri, tabela yopanda shavi. Ndipo wogulitsa sakonda kuika zoletsa zambiri, chifukwa wogula amadana ndi makina omukana."

Mawu amenewo anandikhala bwino, poti ndinkawadziwa kale mumtima. Tsiku lomaliza masana ananenanso zina, za malo osiyidwa opanda kanthu. Dzanja langa linalemba m'kaderino, kabuku kanga ka manotsi, koma mutu unali pa shapa yomaliza yokwera kumapiri.

Chaka choyamba ndi chachiwiri cha komputadoro

Komputadoro yathu inkadya dzuwa la padenga. Kukachita mitambo masiku awiri inkagona, ine n'kubwerera ku lapizi. Ndinaikonda, ndisaname. Ndinaisokera chophimba cha chitenje, ndipo palibe amene ankaloledwa kuika kapu ya tiyi pafupi nayo, ngakhale a Shefi.

Ndinkaiyang'anitsitsa pa nkhani ya mizere iwiri, ndipo ndinaigwira msanga. Mwana akabadwira pa posito, azamba ankalemba kuti "khanda la Nachisale," poti dzina kulibe. Patapita masabata mayi yemweyo ankabwera naye atatuluka m'chikuta, tsopano ndi Tomasi. Makina ankalandira onse awiri mosangalala, aliyense ndi nambala yake, osafunsa kuti mayi mmodzi wabereka bwanji kawiri mwezi umodzi. Lachisanu lililonse ndinkakhala pansi kusaka ana amapasa abodzawa n'kuwaphatikiza. A Kalisto ankadutsa n'kunena kuti, "Dona Seguransa, lero mwagwira mbava zingati?" Ndinkanyada nazo.

Koma pa tsiku lobadwa makinawo ankafuna manambala okhaokha. Panalibe m'munsi polemba kachewere kapena ngumbi. Bambo wa kampani imene inagulitsa pulogaramuyo atabwera kudzaona mmene ikuyendera, ndinamufunsa kuti nanga ndikapanda kudziwa tsiku nditani.

"Siyani choncho, mayi. Sistema ndi yanzeru, imalola."

Ndinakondwa. Sindinkafuna kulemba bodza, ndipo apa makina ankandilola kusalemba bodza. Pa moyo wanga wonse wa ntchito, pamenepo pokha ndi pamene ndinakhulupirira munthu osayesa mawu ake, ndipo chifukwa chake n'chakuti anandiuza zimene ndinkafuna kumva. Mawu a amayi ndinapitiriza kulemba m'kaderino yanga, malo a m'makina n'kumasiya opanda kanthu.

Muyenera kudziwa mmene katemera wa chikuku ankayendera. Mwana amabayidwa akakwana miyezi isanu ndi inayi. Midzi ya kutsidya kwa mtsinje inali kutali, ndiye burigada, gulu lathu loyenda ndi kolimani yoziziritsira katemera, inkapita komweko. Makina ankatulutsa lisita ya ana amene akwana, lisitayo inkatsogola kwa akatekista kuti aitane amayi pa Mulungu, ndipo a ku Diresawu, ofesi ya zaumoyo ku Ulongwe, ankatumiza katemera ndi galimoto molingana ndi lisita yomweyo. Mvula ikayamba mtsinje unkatseka njira, burigada osawolokanso mpaka chimanga chitacha. Malipoti athu ankaonetsa kuti mwana aliyense wa pa lisita wabayidwa. Kunena zoona, anali malipoti okongola, ndipo a Kalisto ankayembekeza kuti ndi amene adzawatengere ku Ulongwe.

Mvula isanagwe

Burigada yomaliza ya chaka chachiwiri itangobwerako, kunafika gogo wina wa kutsidya, a Nangozo, atabereka mdzukulu wake Lusiya, amene amake anali kuganyu ya fodya. Sanakhale pa benchi. Analunjika pa tebulo langa.

"Ndinu a makina aja?"

"Ndine, amayi. Mwaswera bwanji?"

"Zoswera tisiye. Akatekista awerenga maina kawiri chaka chino. A anzanga onse awaitana. Wangayu ndi mwana wa nyani?"

Ndinawauza kuti mwina sanalembetse. Anamasula kansalu n'kuponya khadi la sikelo patebulo, lolembedwa ndi dzanja langa. Ndinamufufuza m'makina, ndipo Lusiya analimo, ndi nambala yake, mzere umodzi woyera bwino. Ndinaitanitsa lisita ya ana amene akwana miyezi isanu ndi inayi: mulibe. Ndinati ndiye kuti makina akumuyesa wamng'ono. Ndinaitanitsa lisita ya amene sanakwane: mulibenso. Mwanayo anali patsogolo panga akutafuna ngodya ya chitenje cha makina, mano anayi ali mbee, koma pa malisita onse awiri panalibe.

A Kalisto anamubaya tsiku lomwelo ndi katemera wotsala mufiriji, gogoyo n'kupita akung'ung'udza. Ine ndinatsegula dirowa n'kutulutsa kaderino ya ku Tete. Pa tsamba lomaliza, m'malembo opendekera a munthu wa tulo, ndinapeza zimene a pulofesoro ananena masana aja. Malo opanda kanthu makina amawatenga ngati "sindikudziwa." Ukafunsa ngati wakwana, yankho si inde ndipo si ayi. Ukafunsa ngati sanakwane, chimodzimodzi. Makina amatulutsa a inde okha, ndipo sakuuza kuti ena awasiya. Anawonjeza kuti ngakhale ophunzira eni ake amakangana ngati malo oterewa anayenera kuloledwa n'komwe. Ndinali nditalemba zonsezo ndi dzanja langa. Zaka ziwiri ndinalondera chitseko, mbala ikulowera pawindo.

Ndinafunsa makina funso limene sindinafunsepo: ndionetse ana onse opanda tsiku lobadwa. Anatuluka ambiri. Nditayerekeza ndi mawu a amayi awo m'kaderino, makumi atatu ndi mmodzi, osawerengera Lusiya, anali atapyola kale msinkhu wa katemera. Pafupifupi onse anali a kutsidya. A pafupi amabadwira pa posito, tsiku lawo limadziwika. Obadwira m'chikuta cha kumudzi ndi amene anasowa, omwewo amene sangafike kuchipatala mtsinje ukadzaza.

Ndinawatengera a Kalisto pepalalo. Anawerenga ataimirira, kenako anakhala pansi.

"Chabwino, Dona. Lembani matsiku. Ikani loyamba la Januwale kwa onse, kapena yerekezani, mukudziwa inu. Adzatuluka pa lisita ya mvula ikatha, tidzawabaya bwinobwino."

"Mvula ikatha ndi miyezi isanu, a Shefi. Amayi a kumsika akunena kuti cha ku Dedza chikuku chayamba."

"Amayi a kumsika amanena zambiri. Inu mwayamba liti kukhulupirira anthu?"

"Sindikuwakhulupirira. Koma sindikukhulupiriranso kuti akunama."

Sanaseke. Kuti burigada ipitenso mvula isanagwe, pankafunika kalata yopempha katemera wina ndi galimoto, ndipo kalatayo inkayenera kunena chifukwa. Chifukwa chake chinali chakuti malipoti athu a zaka ziwiri sanali oona. Yankho la pempho lawo losamuka linkayembekezeka mwezi womwewo.

"Filomena anakomokanso sabata yatha," anatero motsitsa mawu. "Amene anamupeza ndi mwana wathu wamng'ono, pobwera kusukulu. Mukundipempha chiyani, Dona Nambewe? Masabata atatu okha. Kalata yanga ikabwera, lembani zimene mufuna."

Aka kanali koyamba kunditchula dzina langa lenileni. Ndinayang'ana kunja. Mitambo inali itayamba kale kuunjikana madzulo aliwonse cha kumapiri, ndipo aliyense wolima amadziwa kuti masabata atatu sangathe mvula isanagwe. Munthu ameneyu anandinyamulira malemu agogo anu aamuna pa njinga yake atathyoka mwendo. Anandibwereka malata pamene denga langa linadontha. Ndinabwerera pa tebulo langa n'kulemba kalatayo, ndi dzina langa lokha, kunena kuti amene anasiya malowo opanda kanthu ndine. Ndinkadziwa kuti zimenezo siziwapulumutsa, poti cholakwa cha posito chimagwera shefi. Ndinaipinda pamaso pawo kuti aone, chifukwa zobisa sindichita.

M'mawa mwake ndinaima pamsewu kudikira shapa ya ku Ulongwe. Ndinamva belu la njinga kumbuyo. Anali a Kalisto, maso ofiira.

"Mwabwera kudzandibweza, a Shefi?"

"Kukubwezani inu? Ndilibe ng'ombe zokokera. Bweretsani kuno."

Ndinazengereza, ndisabise. Ndinaganiza kuti aing'amba.

"Dona Seguransa, mwakopera ina, ili m'chikwama, ndikudziwa. Bweretsani."

Zinali zoona, ndinali nazo ziwiri. Ndinawapatsa imodzi. Anaiyala pa chishalo cha njinga, anafufuta pamene ndinalemba kuti "ine" n'kulemba kuti "ife," anasaina, ndipo anapisa m'thumba n'kutulutsa karimbo, chidindo cha posito, ndi inki yake.

"Kalata yopanda karimbo amakulungira matemba. Zaka zonsezi simukudziwa?"

Shapa inafika. Iwo anali atatembenuza kale njinga.

Zimene zinatsatira

A ku Diresawu anachita msanga. Pasanathe masiku khumi galimoto inabwera. Inatisiya pamtsinje chifukwa mvula yoyamba inali itagwa kale kumtunda, ndipo tinawoloka madzi ali m'mawondo, a Kalisto atasenza kolimani pamutu ngati mayi wochokera kuchitsime, ine nditakweza kaderino m'mwamba. Tinayenda masiku awiri. Mndandanda sunali wa makina, unali wanga, wa kachewere ndi ngumbi. A Nangozo anadzipatsa okha udindo wotitsogolera khomo ndi khomo, akukalipira aliyense amene wachedwa kutuluka. Tinapeza makumi atatu. Mmodzi anali atapita ndi amake ku maliro kutsidya kwa malire, ndipo ndinavutitsa akatekista mpaka anamubweretsa pa posito sabata yotsatira, mtsinje usanatseke. Chikuku chinafikadi m'midzi ina chaka chimenecho. Pa ana aja palibe amene tinamuika m'manda.

Pambuyo pake zinadziwika kuti si posito yathu yokha. Kampani inatenga nthawi yake, koma inakonza: makina anayamba kukana mwana wopanda tsiku, ndipo anawonjeza malo oti uchonge kuti tsikuli n'loyerekeza. Zinali zotheka kuyambira pachiyambi, panalibe amene anaziitanitsa. Inu adzukulu amene mukuphunzira za makinawa, mukandifunsa ngati amatsata malamulo awo, ndidzati amatsata ambiri, ndipo amandiposa pa kusunga ndi kufufuza. Koma zimene ndinkachita mpaka ndinapuma ndi izi: ndikatulutsa lisita ya akuti inde, ndinkatulutsanso ya akuti ayi, kuphatikiza, n'kuona ngati akwana onse.

Malo a ku Ulongwe anapatsidwa munthu wina. A Kalisto anapalasa njinga ija zaka zina zitatu. Sanandinenepo, ndipo nthabwala zawo zinabwerera patangopita mwezi. Dona Filomena ndiye anasiya kundiyankha moni, ngakhale tikakumana pa tchalitchi ku Ulongwe, ndipo sindinawaone olakwa. Kupepesa sindinapepese, chifukwa ndikanakhala ndikunama. Chimene ndinachita n'chakuti Loweruka lililonse ndinkamangirira kathumba pa kaliyala ya njinga ya a Shefi: kachewere, nyemba, mapichesi ikakhala nyengo yake. Lolemba kathumbako kankabwerera kochapidwa, kopindidwa bwino, kopanda kanthu ndiponso kopanda mawu.

Chaka chachitatu, Lolemba lina, a Kalisto anakaika patebulo langa osandiyang'ana, n'kupita kukaona odwala. Kankalemera. Munali bakayawu wokulunga m'pepala, ndi kakalata ka mzere umodzi m'dzanja la Dona Filomena: "Nyemba zanu zimachedwa kupsa, muzitumiza zoyera zija."